Zilembo za Mapazi za Amalume Gasipari

Chaka chakwana chimwalirireni amalume anga, a Mesitiri Gasipari, ndipo Loweruka likudzali tikukamanga chiliza pamanda awo ku Zóbuè. Ana awo abwera ndi kachitsulo kochokera ku Tete, kosindikiza pa makina, kokhala ndi tizilembo toonda ngati miyendo ya udzudzu. Atandionetsa ndinakatembenuza uku ndi uku, kenako ndinawabwezera. Ndinawauza kuti kameneko akakhome pachitseko cha bafa. Anakwiya, ndipo akwiye ndithu. Munthu amene analemba theka la Moatize ndi dzanja lake, mukamugoneke pansi pa tizilembo toti mwana atha kufufuta ndi malovu? Ine ndili moyo, zimenezo ayi.

Kwa inu amene simunawaone, amalume anali mlongo wawo wa mayi anga, mwini mbumba yathu. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani: mayina a masitolo, a mabaraka ogulitsiramo tinthu, a zigayo, ndi mawu a kumbuyo kwa mashapa, timabasi tija tothamanga pakati pa Moatize ndi Tete. Luso analitola ku njanji ali mnyamata, nthawi ya Apwitikizi, akulemba manambala pa mabogi onyamula malasha. Koma zilembo zimene anatchuka nazo sanatengere kwa mzungu, anazipanga okha. Aliyense kuno ankazidziwira patali. Zinali zakuda bii, zonenepa, ndipo chilichonse chinali ndi mapazi.

Mapaziwo ndi mizere yopingasa ija ya kumapeto kwa mwendo wa chilembo, pansi ndi pamwamba. M'mabuku mumaona timizere toonda, koma a amalume anali mapazi enieni, a munthu wolima. Mwendo wa chilembo unkanenepa zala zitatu, phazi zala ziwiri, ndipo pamene phazi likumana ndi mwendo ankapindapo pang'ono kuti pasakhale ngodya yakuthwa. Chilembo chopanda mapazi ankachinyoza poyera. Ankati chili ngati mzati woimika osakumbira, kamphepo kakangoti pang'ono chapita. Mimba ya O, ya B ndi ya R ankaisiya yotseguka bwino, chifukwa fumbi la malasha la kuno limayamba kudya pamene pali pothina.

Zoyezera zawo zinali za malata. Tili kothawa nkhondo ku Malawi, anthu zitini za mafuta olandira ankapangira koloboyi ndi makapu. Iwo anakhala pansi pa mtengo miyezi ingapo akudula zilembo, kuyambira A mpaka Z, anthu akuwaseka kuti kodi zimenezo mudya. Pobwerera, anzawo akusenza matumba a ufa, iwo anasenza zilembozo atazitunga pawaya, zikulira ngwere ngwere njira yonse. Polemba ankagoneka lata pathabwa, kuzungulira ndi khala, kenako n'kudzaza ndi pinseli, burashi yopakira ija. Tinta, penti ija, ikasowa m'masitolo ankasakaniza mwaye, zakuda za m'mabatire otha ndi mafuta. Ankapaka kawiri, nthawi zina katatu, mpaka chilembo chitatumphuka moti wakhungu atha kuchipapasa.

Akamaliza ndiye panali zoseketsa. Ankayenda chafutambuyo mapazi makumi asanu, maso ali pachikwangwani, kudutsa msewu waukulu osacheuka n'komwe, oyendetsa makamiyao, malole akuluakulu aja, akuwatukwana m'zilankhulo zitatu. Akafika ankaimitsa munthu wowerenga movutikira kuti awerenge. Aphunzitsi sankawafuna, ankati amenewo amawerenga ndi zimene sizinalembedwe. Kawirikawiri ankaitana ine, poti kuwerenga ndinakuphunzira ndili mayi kale. Ndikangododoma pa chilembo chimodzi, basi, chikwangwani chonse chifufutidwe.

Mikangano ndiye inali ndiwo zawo. Woyendetsa shapa wina anabwera kuti amulembere vesi lonse la m'Baibulo kumbuyo kwa galimoto. Anamuuza asankhepo mawu awiri, enawo akawerengere mkazi wake kunyumba. Ine ndemwe, mwana wa mlongo wawo, ndinawapempha kuti andilembere mndandanda wa zimene ndimagulitsa pa baraka yanga, timizere khumi tokha. Anakana kwamtuwagalu. Anati zilembo zawo n'zofuula, sizinong'ona, ndipo ukazichepetsa kuposa chikhatho zimatsamwa, mimba zimatsekeka, mapazi amagundana. Zazing'ono ndi ntchito ya cholembera ndi pepala. Ndinakhala mwezi wathunthu osawapatsa moni. Iwo sanazindikire n'komwe kuti ndakwiya, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Makina osindikiza atafika m'tauni muno, mnyamata wina anajambula zilembo za amalume n'kuzilowetsa mu kompyuta yake. Tinayesa kuti akamutengera kubwalo ngati wakuba. Ayi, kuba sanakudandaule. Chimene chinawatengera pakhomo pake, ndodo ili m'manja, n'chakuti mnyamatayo anazipana zilembozo kuti dzina lalitali likwane pansalu yaifupi, zinaonda ngati ng'ombe za m'chilala. Anaima pakhomo pake m'mawa wonse akumuuza kuti akafuna kuba azibe bwino.

Nkhondo itangotha, titafika pa Zóbuè, panali kantina, sitolo yakale yopanda denga, khoma lake lili mabowo okhaokha a zipolopolo. Azimayi anayamba kuyala mbatata ndi kabichi m'mbali mwake. Popanda wowatuma, amalume anakwera pa mgolo n'kulemba mawu amodzi pakhomapo: TIKADALIPO. Mabowo sanawamate. Bowo lalikulu kuposa onse analisiya pakati penipeni pa O womaliza. Sekeretariyo wa bairo, mkulu wa boma wa dera limenelo, anabwera kudzati alibe chilolezo, afufute, zikukumbutsa anthu zoipa. Iwo anayankha kuti amene anaboola khomalo ayambe wabwera kudzatseka mabowo ake, pamenepo iwonso afufuta. Mukadzadutsa pa Zóbuè mudzayang'ane kumanzere, mawuwo alipobe.

Koma chimene ndikuwakumbukira nacho kwambiri ndi nkhani ya manda a pa Katondo.

Katondo unali mudzi wathu kufupi ndi Moatize, kumene bambo anga anamanga poti ankagwira ntchito mu mgodi wakale. Mayi anga anamwalira komweko titangobwera kumene kothawa. Mwambo wake, anayenera kukagona kwawo ku Zóbuè, pakati pa azimayi awo. Koma masiku amenewo galimoto inali ya mwayi, ndipo dzuwa la kuno silidikira munthu. Tinawaika pa Katondo mothamanga, chizindikiro chake mbale yawo yoboola. Amalume chinthu chimenechi chinawakhala pamtima ngati mwala. Ankati mwini mbumba amene walephera kubweza mlongo wake kwawo ndi mwini mbumba wa pakamwa chabe.

Patapita zaka, mgodi waukulu unafika, ndipo anatiuza kuti Katondo yense asanduka dzenje. Amoyo anatipatsa nyumba kwina. Nkhani imeneyo sindiiyamba pano, mtima ungandikwere. Akufa nawonso anati asamuka. Ntchitoyo inapatsidwa kwa kakampani kena, ndipo woitsogolera anali enjenyero, injiniya wachinyamata wa chipewa choyera, munthu waulemu ndithu, koma wa phuma. Anabweretsa timabokosi ta matabwa toikamo mafupa, kalikonse katamatidwa kapepala kosindikiza, kokhala ndi nambala ndi dzina la pa bilyeti, chiphaso cha boma chija.

Tsiku loyamba anafukula mzere wa kumadzulo. Mabokosi anawakweza pa kamiyao yosafunda kanthu, ulendo wautali wa fumbi, dzuwa likuswa mtengo. Pofika ku manda atsopano, timapepala tina tinali titamatuka n'kuuluka, totsalato titada ngati kunsi kwa mphika. Panali mayi wina wachinyungwe, mnansi wathu, a Dona Felizimina. Anayenda m'mbali mwa mabokosiwo akugwira lililonse, akufunsa m'chilankhulo chawo za mwamuna wawo: "Bayangu ali kuponi? Ali kuponi bayangu?" Enjenyero anatsegula buku lake, analoza bokosi lina, kenako anasintha n'kuloza linzake. Tsiku limenelo anthu anaika maliro mongoganizira. Amalume anaima poteropo, maso ali pa mabokosiwo, ndipo ine amene ndinkawadziwa ndinachita mantha, chifukwa mawa lake unali mzere wa mayi anga.

M'mawa, ife amayi titakhala pansi pa mtengo kunja kwa manda monga mwa mwambo, tinamva ngwere ngwere. Amalume akubwera akukankha njinga, zilembo zili pawaya, zitini za tinta zili pakaliyala, thabwa lili paphewa. Anasanja miyala iwiri pakati penipeni pa njira yotulukira kamiyao, anagoneka thabwalo, n'kukhalapo.

Enjenyero anabwera, n'kuwalankhula m'Chipwitikizi.

"Bambo, mwatseka njira."

"Ndikudziwa, senyolo," anatero amalume. "Ine ndine mwini mbumba. Umu muli mlongo wanga. Bokosi silituluka pano lopanda dzina."

"Mayina alipo, bambo. Ali pa mapepala."

"Mapepala anuwo tawaona dzulo."

Mnyamatayo anayang'ana wotchi. Anafotokoza kuti kamiyao ikudikira, kuti ali ndi masiku owerengeka, kuti akuluakulu ake samumvetsa. Kenako anati chabwino, tengani pinseli yanuyo mungolemba msangamsanga, zilembo zilizonse, bola zioneke.

Amalume anaseka kuseka kumene sindinakukonde.

"Msangamsanga? Pothawa nkhondo tinathawa msangamsanga. Mlongo wangayu anafa msangamsanga, tinamuika msangamsanga. Lero ndiye ayi, mwana wanga. Lero ayenda ngati munthu."

"Ndiitana apolisi."

"Aitaneni. Nawonso ali ndi akufa awo."

Pamenepo a Binzi, mkulu wa adzukulu okumba manda, anagoneka khasu pansi mwakachetechete n'kupita kukakhala pambali pa amalume. Anzawo onse anachita chimodzimodzi. Ndipo inu mukudziwa, adzukulu akaika makasu pansi palibe wina angakhudze manda. Antchito a kampaniyo, anthu a kuno komwe, anangoyang'ana kumbali ngati sakumva. Enjenyero anavula chipewa, anapita kuseri kwa kamiyao, analankhula pa foni nthawi yaitali. Pobwera anali atatsika.

"Mufuna masiku angati?"

"Tinta yanga imauma tsiku limodzi, ndipo ndimapaka kawiri. Atatu."

"Atatu, bambo!"

"Akufawa adikira zaka zonsezi. Inu atatu akuphani?"

Anawapatsa buku la mayina lija kuti azikopera. Amalume analiyang'ana pang'ono n'kulibweza. Munali a Maria asanu, a Juze osawerengeka, mayina a pa ubatizo ndi pa bilyeti amene eni ake sankawayankha n'komwe. Anati zilembo zawo n'zazikulu, pabokosi pakwana dzina limodzi lokha, choncho likhale limene munthuyo ankatembenuka nalo akaitanidwa. Banja lililonse linkabwera, wamkulu wake n'kugwada pambali pawo, n'kuwanong'oneza. Abale inu, kunatuluka mayina amene anthu anali asanawamve zaka makumi! Ena akulira, ena akuseka misozi ili m'maso. Mayi wina wamasiye anaumirira kuti mwamuna wake alembedwe KAMOWA. Katekisita anati zimenezo n'zosayenera pamanda. Amalume anati Mulungu nayenso amamudziwa ndi dzina lomwelo, ndipo analemba.

Bokosi la mayi anga linafika masana a tsiku loyamba la masiku atatuwo. Ine ndinkayembekeza kuti alemba ROZA, la pa bilyeti, kapena NAPHIRI, mmene anansi ankawaitanira. Ndinaona akuchotsa pawaya zilembo zina. Anaziyala m'mbali mwa bokosi, anayeza ndi chingwe, anapukusa mutu. Bokosi linali lalifupi, dzina linkatulukira ndi zala zinayi.

"Mesitiri, zipaneni pang'ono," anatero a Binzi. "Kapena dulani mapaziwo, zikwana."

"Ndidule mapazi a mlongo wanga? Ayenda bwanji?"

Anaimirira, anatenga thabwa lomwe anakhalira lija, analikhoma m'mbali mwa bokosi, lotulukira uku ndi uku. Kuyambira pamenepo anagwira ntchito atagwada pafumbi, mkulu wa imvi. Anazungulira ndi khala, anadzaza ndi tinta pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa kamwa monga ankachitira. Atamaliza anandikodola.

"Luwiza, yenda mapazi makumi asanu. Werenga."

Ndinayenda, ndinatembenuka. Sindinadodome pa chilembo ngakhale chimodzi. NDAZIONA.

"Amalume, ameneyu ndani?"

"Mayi ako, iwe. Ndi mmene ankayankhira tikupita kotunga madzi ku Zóbuè, asanamuthire madzi a padiri."

Ndinali mayi wa ana akuluakulu, koma dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Mwana satchula dzina la make, ndipo palibe anaganizapo zondiuza. Mpaka lero pakamwa panga silinatulukepo, ndikulilemba pano chifukwa iwo analilemba. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira maliro amene ndinalephera kulira bwino tsiku lija tinawaika mothamanga.

Tsiku lachinayi kamiyao inanyamuka, njira yomweyo, fumbi lomwelo. Pofika mabokosi onse anali akuda ngati makala. Amalume anakwera pamwamba, n'kumapukuta lililonse ndi chikhatho kamodzi kokha, dzina n'kutuluka lili chiimire, lotumphuka. Ankaliwerenga mofuula, eni ake n'kubwera kudzalandira. Palibe anafunsa kuti wanga ali kuti. Enjenyero uja anabwera kudzawagwira chanza. Manja awo anali akuda, choncho anamupatsa mkono. Sanamunyoze, sanamuyamikenso. Anangomuuza kuti akadzapita kumudzi wina adzayambe wafunsa eni ake. Pambuyo pake amalume analemba mayina omwewo pa zitsulo zoimika pamanda. A Dona Felizimina anawalembera chikwangwani chimodzi chachitali, cha mayina awiri, n'kuchiimika pakati pa manda awiri okayikitsa aja. Mayiwo mpaka lero maluwa awo amagawa pawiri.

Sindikuti amalume anali mngelo. Anali aliuma, osamva za munthu, ndipo ana awo anakula akuopa kukhudza pinseli, n'chifukwa chake palibe mmodzi anatenga lusolo. Zimenezo ndinawauza ali moyo, ndipo anandithamangitsa ndi chitini. Koma zaka zomaliza, manja atayamba kunjenjemera, sanalole kulemba chopindika. Anatsuka mapinseli, anawamanga m'nsalu, n'kumangokhala pakhomo pa shedi yawo yogwiriramo ntchito akudzudzula zikwangwani za anzawo zodutsa pa magalimoto.

Akudwala, ndinapita kukawaona ndi phala. Ndinalimba mtima.

"Amalume, nanga inu? Mlongo wanu ankakuitanani ndani?"

"Iwe Luwiza, ulibe mwambo. Ukufuna kundiika ndili moyo?"

Anatembenukira kukhoma. Ndinayesa agona. Ndikutola mbale kuti ndizipita, ndinamva akulitchula, motsitsa, kamodzi kokha. Kenako anawonjezera kuti ndikadzayerekeza kulipana adzandilotetsa mpaka ndidzasamuke.

Dzina limenelo pa kachitsulo ka ku Tete palibe. Ana awo salidziwa, ndipo amene ankalidziwa onse anapita, kupatula ine. Thabwa ndagula, la mlombwa, lalitali bwino. Tinta ndili nayo. Dzanja langali ndi loyezera mchere ndi tomato, pinseli silinaigwirepo, ndipo ndikudziwa kuti m'mbali mudzakhala mokhotakhota. Zikhote. Ndidzapaka kawiri, ndidzayenda chafutambuyo mapazi makumi asanu, ndipo ndidzaimitsa munthu wowerenga movutikira. Amene akufuna kukangana nane Loweruka abwere atadya.

Dzulo ndinapita ku shedi yawo, pafupi ndi pamene njanji imadutsa msewu. Chitseko chatsala ndi hinjesi imodzi. Pansi pali madontho a tinta a zaka zonse zija, osanjikizana, olimba ngati simenti. Mgolo umene ankakwerapo uli pakona, wadzala madzi a mvula. Kutsidya kwa msewu kuli mwala umene ankaimapo poyesa chikwangwani, ndipo tsopano pamakhala mayi wogulitsa masau amene sadziwa n'komwe kuti wakhalira chiyani. Mkati fumbi la malasha lakuta zonse, benchi, zitini zouma, chingwe choyezera chili chikolekere. Kukhoma kuli mzere wa misomali, uliwonse ndi chilembo chake cha lata, kuyambira A mpaka Z, zachita dzimbiri koma mapazi ali onse. Misomali isanu yokha ndiyo ilibe kanthu, pangotsala zithunzi zoyera pamene fumbi silinafike. Zilembo zake, za dzina lija, zili m'dengu langa, pansi pa chitenje, zikudikira shapa ya ku Zóbuè.